Kodi Cisomo ca Mulungu Cigulidwa ndi Thumba la Cimanga?

Sabata ino ndaika pambali makalata ena onse kuti ndiyankhe kalata imodzi yocokera kwa mai wina wa m'boma la Katete. Dzina lao ndalisunga, pakuti nkhaniyi si yao yokha. Ndikhulupirira kuti m'midzi yambiri muli mabanja amene anakomana ndi zotere, koma angokhala cete cifukwa ca manyazi.

Amaiwa alemba kuti mwana wao wamkazi wakhala alikudwaladwala kuyambira m'dzinja. Anthu atatha kukolola, m'mudzi mwao munafika mlaliki wina wacilendo, amene anacititsa mapemphero masiku atatu pansi pa mtengo wa mango. Tsiku lacitatu anawaitanira pambali nawauza kuti Mulungu wamuonetsa m'maloto cimene cilikudwalitsa mwanayo, ndi kuti akapereka matumba awiri a cimanga ndi mbuzi imodzi, cisomo cidzatsikira pa nyumba yao. Popeza anakolola zocepa, amaiwa anapereka mbuziyo ndi thumba limodzi cabe. Mlaliki anapita, koma mwana akali gone. Tsono funso lao ndi ili: "Kodi Mulungu anandikana cifukwa ndinapereka thumba limodzi m'malo mwa awiri? Ndikapereka linalo, adzandimvera?"

Amai, musapereke thumba linalo. Ndayamba ndi yankho popeza nkhokwe yanu siingadikire kuti ndithe kulemba. Koma ndiyenera kukupatsaninso zifukwa zake, kuti mawa akabwera wina mudzamuyankhe ndinu nomwe. Mlaliki uja anagwiritsa nchito mau awiri akuluakulu a Cikristu. Ponena kuti Mulungu wamuonetsa, analikunena za cibvumbulutso. Ponena za cimene cidzatsikira pa nyumba yanu, analikunena za cisomo. Akristu akhala alikusinkhasinkha mau awiriwa kwa zaka pafupifupi 2,000, ndipo anatsutsana pa zambiri. Koma pa funso lanu mipingo yakale ndi yatsopano yomwe ilankhula ndi pakamwa pamodzi.

MPHATSO NDI MALIPIRO

Tiyambe ndi cisomo. Cipangano Catsopano cinalembedwa m'Cigriki, ndipo liu limene omasulira analitembenuza kuti cisomo ndilo charis, kutanthauza kukoma mtima kumene munthu alandira kwaulere. Ife a kumudzi tidziwa bwino kusiyana kwa mphatso ndi malipiro. Munthu akalima ganyu m'munda mwa mnzake, amapangana mizere yakuti pa ndowa imodzi ya cimanga. Akatsiriza mizereyo, ndowayo ndi yake, ndipo mwini munda akakana kupereka, mlandu ufika kwa anyakwawa. Amenewo ndi malipiro. Koma m'mwezi wa njala, mnansi akafika pakhomo panu ndi licero la ufa inu osamupempha, imeneyo ndi mphatso. Mukamuthamangira ndi ndalama m'manja kuti mumulipire, mwamunyoza, pakuti mwasandutsa cifundo cake kukhala malonda.

Mtumwi Paulo, m'kalata yake ya kwa Aroma mutu 4, anatenga fanizo lomweli. Anati wolemba nchito akalipira wanchito wake amangobweza ngongole, sanamucitire cisomo ai. Ndipo m'kalata ya kwa Aefeso mutu 2 anaphunzitsa kuti cipulumutso ndi mphatso ya Mulungu, yosacokera ku nchito za munthu, kuti pasakhale wina wodzitama. Ambuye Yesu nayenso, pa Mateyu 20, anasimba za mwini munda wa mpesa amene analemba anthu aganyu, ena mbandakuca, ena masana, ena dzuwa litapendeka, koma madzulo anawapatsa onse ndalama yofanana. Oyamba aja anadandaula, monga ifenso tikadadandaula. Mwini munda anawakumbutsa kuti sanawabere kanthu, koma kuti anafuna yekha kukomera mtima otsiriza aja.

Buku Lopatulika lisimbanso za anthu awiri amene anayesa kuika mtengo pa mphatso ya Mulungu. Pa 2 Mafumu 5 tiwerenga za Namani, kazembe wa nkhondo wa ku Aramu, amene anali wakhate. Iye anapita kwa mneneri Elisa atanyamula siliva, golidi ndi zobvala. Ataciritsidwa m'mtsinje wa Yordano anafuna kupereka cumaco, koma Elisa anakana kwa mtu wa galu. Mnyamata wa mneneriyo, Gehazi, anaona ngati mbuye wake wataya mwai. Anamutsatira Namani m'njira, nanama kuti watumidwa, nalandira siliva ndi zobvala. Mapeto ake khate la Namani linamugwera iye. Pa Macitidwe a Atumwi 8 tiwerenganso za Simoni wa ku Samariya, amene anaturutsa ndalama kuti agule kwa atumwi mphamvu yopereka Mzimu Woyera. Petro anamudzudzula kolimba cifukwa coganiza kuti mphatso ya Mulungu igulidwa. Kufikira lero, m'malamulo a mpingo, chimo logula kapena kugulitsa zinthu zopatulika limachedwa ndi dzina la Simoni ameneyu.

MKANGANO WA KUMPOTO KWA AFRICA

Mwina wina anganene kuti, "Cabwino, cisomo sicigulidwa ndi cimanga, koma cigulidwa ndi makhalidwe abwino." Funso limeneli linabvuta mpingo zaka 1,600 zapitazo, ndipo amene analiyankha mwakuya koposa anali mwana wa m'Africa muno. Augustine anabadwa m'caka ca 354 m'tauni ya Thagaste, m'dziko limene lero lichedwa Algeria. Amai ake, a Monica, anali Mkristu wolimba, koma iye anakula wophunzira kwambiri ndi wokonda za dziko. Analemba yekha kuti analikudziwa coyenera kucita, koma mphamvu yocicitira analibe. Anabatizidwa ndi bishopu Ambrose mumzinda wa Milan m'caka ca 387, nabwerera kwao, ndipo pambuyo pake anakhala bishopu wa mzinda wa Hippo kufikira imfa yake m'caka ca 430.

M'masiku omwewo ku Roma kunali mphunzitsi wina wocokera ku Britain, dzina lake Pelagius. Tisamuyese munthu woipa. Anali wodziletsa, ndipo cimene cinamuwawa mtima ndico kuona Akristu aulesi amene analikucimwa dala, namanena kuti munthu ndi wofooka, sangacitire mwina. Motero iye anaphunzitsa kuti Mulungu sangalamule cinthu cimene munthu sangathe. Anati munthu aliyense abadwa wopanda banga la Adamu, ndipo ndi ufulu umene analengedwa nao, pamodzi ndi malamulo ndi citsanzo ca Kristu, angathe kukhala wosacimwa ngati afunitsitsa.

Augustine anatsutsa zimenezi poyang'ana moyo wake womwe. Anati chimo lili ngati nthenda imene yafooketsa ngakhale kufuna kwa munthu, ndipo kumuwerengera wodwala malamulo a ukhondo sikumudzutsa pamphasa. Afunika sing'anga. Anakonda kukumbutsa anthu mau a pa 1 Akorinto 4, pamene Paulo auza Akorinto kuti zonse ali nazo anacita kulandira. Kwa Augustine, ngakhale cikhumbo cofuna Mulungu cimayamba cifukwa Mulungu wayamba kale kukoka mtima wa munthuyo. M'caka ca 418 mabishopu pafupifupi 200 anasonkhana ku Carthage, pafupi ndi mzinda wa Tunis wa lero, nakana ciphunzitso ca Pelagius. M'caka ca 529 msonkhano wina ku Orange, m'dziko la France, unatsimikiza kuti ngakhale ciyambi ca cikhulupiriro ndi mphatso, koma unakananso ganizo lakuti Mulungu anaikiratu anthu ena kuti acite zoipa.

Taonani, amai, kumene nkhaniyi itifikitsa. Ngati mpingo unakana kuti moyo wodziletsa wa munthu ngati Pelagius ungakhale mtengo wa cisomo, nanga thumba la cimanga lingakhale bwanji mtengo wake?

KUCOKERA KU WITTENBERG KUFIKA KU LUSAKA

Komabe mtima wa munthu ukonda malonda, ndipo cizolowezi cogulitsa zopatulika cinabweranso. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1500, m'dziko la Germany munayenda mlaliki wina, Johann Tetzel, amene analikupereka makalata a cikhululukiro ca zilango za macimo kwa anthu oponya ndalama m'bokosi. Gawo lina la ndalamazo linali lomangira chalichi cacikulu ca Petro Woyera ku Roma. Anthu osauka anakhuthula zimene anali nazo poganiza kuti aombola abale ao amene anamwalira. Pa 31 Okutobala 1517 wansembe wina wophunzitsa pa sukulu yaikulu ya ku Wittenberg, Martin Luther, analemba mfundo 95 zotsutsa mcitidwewu. Mkangano unakula kufikira mpingo wa kumadzulo unagawanika. Luther ndi anzake analimbikira kuti munthu ayesedwa wolungama ndi cisomo cokha, mwa cikhulupiriro cokha.

Mpingo wa Katolika unayankha pa msonkhano wa ku Trent, umene unayamba m'caka ca 1545 ndi kutha m'caka ca 1563. Unatsutsa zambiri za Luther, koma m'caka ca 1547 unalengezanso kuti palibe cinthu cimene munthu acita asanalungamitsidwe, kaya cikhulupiriro kaya nchito, cimene cingamuyenereze kulandira cisomo cimeneco. Ndipo m'caka ca 1567 Papa Pius V anathetsa makalata onse a cikhululukiro okhudzana ndi kulipira ndalama. Ngakhale zinatero, mbali ziwirizi zinakhala zoyang'anana ndi diso la nkhwezule kwa zaka zoposa 400, ndipo udani umenewo unafika ndi amishoni m'midzi yathu, kumene abale a mimba imodzi analeka kudyera mbale imodzi cifukwa ca mipingo.

Pa 31 Okutobala 1999, mumzinda wa Augsburg ku Germany, atsogoleri a mpingo wa Katolika ndi a bungwe la mipingo ya Lutheran ya pa dziko lonse anasaina cikalata cogwirizana pa nkhani imeneyi. Mtima wa cikalataco ndi wakuti Mulungu amatilandira mwa cisomo cokha, pokhulupirira nchito yopulumutsa ya Kristu, osati cifukwa ca kuyenera kwathu, ndi kuti Mzimu Woyera amakonzanso mitima yathu ndi kutiitanira ku nchito zabwino. A Methodist anabvomereza cikalataci m'caka ca 2006. Bungwe la uphungu la mipingo ya Anglican linabvomereza mfundo zake pa msonkhano umene unacitikira kwathu konkuno ku Lusaka mu Epulo 2016. Bungwe la mipingo ya Reformed linatsatira m'caka ca 2017 ku Wittenberg komwe kuja.

Sindinena kuti kusiyana konse kunatha. Otsatira John Calvin, potsata msonkhano wa ku Dort wa 1618 ndi 1619, amaphunzitsa kuti Mulungu anasankhiratu amene adzawapulumutsa, ndi kuti cisomo cake sicilephera mwa iwo. Otsatira John Wesley amati cisomo cimatsogola kufika kwa munthu aliyense, koma munthu angathe kucikana. Akatolika amati cisomo cimafika makamaka kupyolera m'masakramenti, ndipo munthu amagwirizana naco, ngakhale kugwirizanako ndi mphatsonso. Zimenezi azikambirana abusa ndi ansembe. Cimene ife tiyenera kuona ndi cakuti mwa onsewa palibe ndi mmodzi yemwe amene aphunzitsa kuti Mulungu amawerenga matumba asanamve pemphero.

MULUNGU ADZIULULA YEKHA

Tsopano tibwere ku liu laciwiri lija, cibvumbulutso, pakuti mlaliki uja anati Mulungu wamuonetsa. Akulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Mungathe kupita pa munda wa munthu amene simunamuonepo, nimuona mizere yoongoka ndi nkhokwe yomangidwa bwino, ndipo mudzadziwa kuti mwini wake ndi wakhama ndi wanzeru. Koma dzina lake, zimene akonda ndi zimene aganiza za inu, simungazidziwe kufikira iye mwini atatsegula pakamwa. Aphunzitsi a Cikristu amati kudziwa Mulungu kuli cimodzimodzi, ndipo amasiyanitsa njira ziwiri.

Njira yoyamba ndiyo ya cilengedwe ndi cikumbumtima, yotsegukira anthu onse. Salmo 19 linena za thambo ngati mboni ya ulemerero wa Mlengi. Paulo ali ku Lustra, pa Macitidwe 14, anauza anthu amene sanamvepo za Mose kapena aneneri kuti Mulungu sanawasiye opanda umboni, popeza anawapatsa mvula ndi nyengo za zokolola. Cibvomerezo ca cikhulupiriro ca mipingo ya Reformed cimene Guido de Brès analemba m'caka ca 1561 ciyerekeza cilengedwe ndi buku lokongola lotsegulidwa pamaso pathu. Msonkhano woyamba wa ku Vatican, m'caka ca 1870, unaphunzitsanso kuti munthu angathe kudziwa ndi nzeru zake kuti Mulungu alipo poona zolengedwa. Ife sitidabwa nazo zimenezi. Pamene amishoni a Dutch Reformed anafika ku Magwero, pafupi ndi Chipata, m'caka ca 1899, sanabwere ndi dzina lacilendo la Mlengi. Anapeza makolo athu alikuchula kale Mulungu, Cauta, Namalenga, Mphambe ndi Leza, ndipo Buku Lopatulika litasindikizidwa lonse m'caka ca 1922, dzina la Mulungu limene linalowamo ndi lomwe agogo athu analikulidziwa.

Njira yaciwiri ndiyo pamene mwini munda atsegula pakamwa. Akristu amakhulupirira kuti Mulungu analankhula kwa Abrahamu, kwa Mose ndi kwa aneneri, ndipo potsiriza, monga ifotokozera kalata ya kwa Ahebri mutu 1, analankhula mwa Mwana wake. Msonkhano waciwiri wa ku Vatican, m'cikalata cochedwa Dei Verbum ca pa 18 Novembala 1965, unafotokoza kuti Mulungu, cifukwa ca ubwino wake, anafuna kudziulula iye mwini mwa zocita ndi mwa mau, nalankhula ndi anthu ngati abwenzi ake. Apa ndi pamene mau athu awiri aja akomana. Palibe munthu amene anakwera kumwamba kukafufuza Mulungu, ndipo palibe amene anamulipira kuti alankhule. Iye anayamba yekha. Cibvumbulutso naconso ndi cisomo. Tsono munthu amene anena kuti Mulungu wamuululira cinsinsi, koma cinsinsico cifuna mbuzi kuti cigwire nchito, wasokoneza zinthu ziwiri nthawi imodzi: wagulitsa cimene akuti anacilandira kwaulere, ndipo wanamizira Mulungu kuti ndi wamalonda.

KUYESA MAULOSI

Kodi ndiye kuti Mulungu salankhulanso ndi munthu m'maloto kapena m'pemphero? Pamenepa mipingo isiyana, ndipo ndiyenera kunena moona. Akatolika amati Mau a Mulungu afika kwa ife mwa Malembo ndi Mwambo wa atumwi, ndipo sipadzakhalanso cibvumbulutso catsopano comanga Akristu onse kufikira Kristu adzabwerenso. Masomphenya a munthu mmodzi, ngakhale mpingo utawafufuza ndi kuwalola, sakakamizidwa pa wina aliyense. Mipingo ya Reformed imati Malembo okha ndiwo muyeso wotsiriza, ndipo ndi okwanira. Mipingo ya Pentekoste imati mphatso ya uneneri ikalipo lero. Koma iwonso amawerenga 1 Akorinto 14, pamene Paulo alamula kuti mneneri akalankhula, ena ayese zimene wanena, ndiponso 1 Yohane 4, pamene Akristu acenjezedwa kuti asakhulupirire mzimu uliwonse. Motero onse abvomerezana kuti mau akuti "Mulungu wandionetsa" satseka mlandu. Mau amenewo ayenera kuyesedwa.

Nanga tiyesa bwanji? Akristu oyamba anali ndi bvuto lomweli, pakuti m'masiku ao alaliki oyendayenda anali ambiri. Kuli kabuku kena kakale kochedwa Didache, kapena kuti Ciphunzitso ca Atumwi Khumi ndi Awiri, kamene akatswiri ambiri amati kanalembedwa ca kumapeto kwa zaka 100 zoyamba za Cikristu. Kanasowa kwa zaka mazana ambiri kufikira Philotheos Bryennios anakapeza m'nyumba ya mabuku ku Constantinople m'caka ca 1873. Malangizo ake ndi osabvuta kumva. Mlaliki woyendayenda alandiridwe bwino, akhale tsiku limodzi, kapena awiri ngati kuli kofunika, koma akakhala masiku atatu ndi mneneri wonama. Pocoka atenge cakudya congomufikitsa kumene akagone. Akapempha ndalama ndi mneneri wonama. Ndipo wina akanena kuti Mzimu walamula kuti mumupatse iye ndalama kapena katundu, musamumvere, koma akanena kuti mupatse ena osowa, musamuweruze.

Amai, muyeso umenewu ndi wa zaka 1,900 zapitazo, koma ukwanira bwino pa mlendo wanu uja. Cimangaco cinapita kwa yani? Mbuziyo ili m'khola la yani? Mneneri Mika, pa mutu 3, anadzudzula kale aneneri amene amalosera mtendere kwa owapatsa cakudya, namaopseza amene sawapatsa kanthu. Ndipo Yesu potuma ophunzira ake kukaciritsa odwala, pa Mateyu 10, anawakumbutsa kuti analandira kwaulere, motero aperekenso kwaulere. Pali mafunso enanso oyenera kufunsa. Kodi zimene wanenazo zigwirizana ndi Malembo? Kodi alola kuti akulu a mpingo azimve, kapena afuna kukuitanirani pambali? Kodi mau ake akusiyani ndi mtendere, kapena ndi mantha ndi kukayikira abale anu? Safunsa anadya phula.

NANGA COPEREKA?

Pano ndiyenera kucenjeza awerengi ena amene angakondwere molakwa, namati, "Tamva, kupereka kulibe nchito, ndipo nchito zabwino zilibe phindu." Sindinatero ai. Kabuku komwe kaja ka Didache kalangiza Akristu kuti azipereka zoyamba za zokolola zao kwa aneneri oona okhala pakati pao, ndipo ngati palibe, azipereka kwa osauka. Paulo anaphunzitsa pa 1 Akorinto 9 kuti wolalikira Uthenga ayenera kusamalidwa ndi mpingo. Abusa, ansembe ndi akatekisiti amene akhala nafe, naika maliro athu, nayendera odwala athu pa njinga m'matope, ayenera thandizo lathu. Kalata ya Yakobo nayonso inena poyera kuti cikhulupiriro copanda nchito ndi cakufa.

Kusiyana kwake kuli pa cimene citsogola. Wogula amapereka kuti alandire. Woyamika amapereka cifukwa walandira kale. Pa 2 Akorinto 9 Paulo afuna kuti munthu apereke monga watsimikiza mumtima mwake, mosakakamizidwa ndi mosawinyawinya. Copereka ca masika cimene timanyamula kupita naco ku chalichi tikakolola ndi ca mtundu umenewu: mvula inagwa kale, cimanga cinaca kale, ndipo ife tingothokoza. Mlimi adziwa kuti mvula siigulidwa, ndipo imagwa m'munda wa wolungama ndi wa wosalungama yemwe. Koma mlimi yemweyo sagona m'nyumba mvula ikagwa. Amatenga khasu, pakuti mvulayo ndiyo yacititsa kuti kulima kukhale ndi phindu. Nchito zabwino za Mkristu zili ngati khasu limenelo. Zimatsata cisomo pambuyo.

Catsala ndi mbali yowawa ya kalata yanu: mwana akali kudwala. Pamenepa sindifuna kukunamizani monga anacitira mlendo uja. Cikristu siciphunzitsa kuti wolandira cisomo sadzaona mabvuto. Paulo yemwe, amene analemba za cisomo koposa onse, asimba pa 2 Akorinto 12 kuti anali ndi cobvuta m'thupi cimene anaciyerekeza ndi munga. Anapempha katatu kuti cicoke, koma sicinacoke, ndipo yankho limene analandira linali lakuti cisomo cimene ali naco cimukwanira. Pa Yohane 9, ophunzira ataona munthu wobadwa wakhungu anafunsa ngati anacimwa ndi iye kapena makolo ake, ndipo Yesu anakana zonse ziwiri. Motero kudwala kwa mwana wanu si cizindikiro cakuti Mulungu wakukanani, ndipo si cilango ca thumba limene munasunga kuti ana anu adye.

Cimene ndikupemphani ndi ici. Mawa m'mawa mumutengere mwanayo ku kiliniki kapena ku cipatala, ndipo mukafotokoze bwino kuti wadwala kuyambira liti. Ngati munapitako kale, pitaninso, mukanene kuti sanacire. Nzeru za madokotala ndi anamwino nazonso ndi mphatso yocokera kwa Mlengi yemweyo, ndipo kumwa mankhwala sikutsutsana ndi pemphero. Muuzenso akulu a mpingo wanu kuti abwere kudzapemphera nanu. Iwo sadzakuchulirani mtengo. Nkhani ya mlaliki uja muifikitse kwa anyakwawa ndi kwa akulu a mipingo yonse ya m'mudzimo, kuti akadzabweranso, kapena akadzabwera wina wonga iye, adzapeze anthu ali maso. Musacite manyazi. Munapereka cifukwa cokonda mwana wanu, ndipo manyazi ayenera iye amene anadyera masuku pamutu cikondi cimeneco.

Thumba latsalalo ndi la ana anu kufikira masika. Ngati tsiku lina mtima wanu udzafuna kuthokoza Mulungu, mudzapime mbale imodzi ya ufa ndi kupatsa mwana wamasiye wa pafupi nanu, popanda wokuuzani kuti walota. Ndidzakondwa kulandira kalata yanu ina yondiuza m'mene mwanayo alikupezera.

Makalata ena amene ndawasunga ndidzawayankha sabata ya mawa.